Chipumi Chouma cha Amake Pearl

“Mankhwala sadziwa ukwati, Thandazani. Ukawasiya, nawonso akusiya.”

Ambuya Tryness ananena zimenezi ali chiimire pakhomo la pabalaza ku Chelstone, chikwama chikadali m’khwapa, fumbi la minibasi ziwiri likadali kumapazi. Mwana wawo Thandazani, amake Pearl, sanadzutse n’komwe mutu. Anali ataweramira foni pamodzi ndi mlamu wake, ba Chibesa, mlongo wa mwamuna wake John, akusankha nsalu ya diresi la mayi wa mkwatibwi.

“Mwayamba, amama. Simunakhale na pansi, mwayamba kale.”

“Ndikhala bwanji pansi? Pearl wandiuza kuti wasiya kumwa.”

“Sininasiye. Napumulako chabe. Ukwati ukapita nizayambanso.”

“Ba mayo, musiyeni apumuleko,” anatero ba Chibesa, maso ali pafoni pomwepo. “Ni miyezi ing’ono chabe. Onani iyi ya golide, siingamuwamile?”

Tsoka la Ambuya Tryness linali lakuti ankachenjeza pa chilichonse. Usagule soseji wa m’mbali mwa msewu. Usagone foni ili pamagetsi. Usakwere minibasi imene kondakitala wake akuseka kwambiri, ameneyo wamwa. Nsapato zazitali zidendene zimathyola msana. Ukatsika m’tauni, chikwama kutsogolo, ndipo wina akakufunsa njira usayankhe. Ana ndi adzukulu anakulira m’machenjezo amenewa monga munthu amakulira m’nyumba ya malata: mvula imasokosa ndithu, koma ukaizolowera suimvanso. Ndiye pamene linabwera chenjezo lokhalo limene linali ndi moyo wa munthu mkati mwake, linagwa padenga lomwelo, ndi phokoso lomwelo.

Nkhani yake inayamba zaka ziwiri m’mbuyomo, pamene Thandazani anapeza kachotupa m’bere lakumanzere akusamba. Inali khansa. Anamuchotsa berelo, anamupatsa mankhwala a m’madiripi amene anamuthothola tsitsi ndi nsidze zomwe, kenako anamuwotcha ndi makina. Nthawi yonseyo Ambuya Tryness anatseka nyumba yawo ku Chilenje n’kumagona pamphasa pafupi ndi bedi la mwana wawo, beseni lili pambali. Zonse zitatha, nesi wina wamfupi, wolankhula mosathamanga, dzina lake Emmy, anawakhazika pansi awiriwo n’kutulutsa timapiritsi toyera, tating’ono ngati nyemba yosakhwima.

Ambuya sanapondepo m’kalasi, ndiye chimene sangathe kuwerenga amachimvera ndi makutu onse awiri, n’kufunsanso kachiwiri popanda manyazi. Nesi Emmy anabwereza mosanyinyirika. Anati khansa ya mtundu umene anali nawo Thandazani imadya kuchokera m’thupi la mkazi mwiniwake, m’mphamvu zachikazi zimene zimayenda m’magazi. Kapiritsiko, dzina lake tamokisifeni, kamaitsekera chakudyacho, kuti ngati katsala kambewu kena kamene makina sanakaone, kasapeze pomera. Kamodzi patsiku, kwa zaka zisanu, mwinanso kupitirira.

“Kazamuvutisani, siningakunamizeni,” anatero nesiyo. “Kakavuta, bwelani tikambisane. Njila ziliko. Koma osaleka mweka.”

Ndipo kanamuvutitsadi. Kutentha kunkabwera kosagogoda, ngati wina wayatsa mbaula pachifuwa, n’kukwera pakhosi mpaka kumutu. Mu June, Lusaka yense atavala majuzi, Thandazani ankakhala mu ofesi ya kampani ya malole ku Heavy Industrial Area fani ili kumaso, anzake akunjenjemera n’kumang’ung’udza. Mawondo ankawawa ngati a nkhalamba. Tulo tinkadukaduka. Mtima unkapsa pa zinthu zopanda pake, mpaka John anaphunzira kulowa m’nyumba mwake ngati mlendo. Komabe ankamwa. Chaka chinatha akumwa, ndipo Ambuya akabwera Loweruka n’kumupeza akudzipukuta ndi kathaulo, ankanena chamumtima kuti zili bwino, mlonda ali pantchito.

Kenako Pearl anapeza mwamuna. Dzina lake anali Kalenga, mnyamata waulemu, wa banja la ku Luapula limene linakhazikika ku Kabulonga, kumene agalu ali ndi nyumba zawo. Tsiku limene mabanja awiriwa anakaonana kumeneko, Thandazani anali atadzikonza ndithu. Koma ali pakati popereka moni kwa amake Kalenga, mbaula ija inayaka. Thukuta linatsika m’chipumi, linakokolola paudala, linadetsa bulauzi m’khwapa ndi kumsana. Amake Kalenga anaitanitsa madzi ozizira n’kumufunsa Thandazani mwachifundo, pamaso pa anthu onse, “Bana Pearl, mukali kudwala?”

Patapita masiku, ba Chibesa anabweretsa zotsala zake. Akuti ku Kabulonga anafunsa kuti ndi mankhwala anji amene munthu wochira amamwa tsiku ndi tsiku osalekeza. “Mudziwa vamene bantu baganiza, mulamu, ngati muntu akumwa piritsi siku na siku. Sibazakamba pamenso panu, koma bazakamba.” Usiku womwewo kapiritsi sikanamwedwe.

Ndiye Ambuya Tryness anachenjeza, anachenjezanso, mpaka Thandazani anakweza manja.

“Chabwino, amama, namvela. Nizamwa. Manje khalani pansi mumwe tiyi.”

Anamwa tiyiyo. Koma munthu amene sadziwa kuwerenga pepala amawerenga nyumba. Atabweranso patapita masabata angapo, Ambuya anapeza fani itabwezedwa m’katoni pamwamba pa wadiropu. Pabedi panali bulangete lokhuthala lija limene linachotsedwapo kalekale. Kathaulo kanali pachingwe, kouma gwa, kopanda ntchito. Ndipo mwana wawo anatuluka m’khitchini atavala juzi, akuseka, chipumi chili chosalala ngati cha mtsikana.

Ambuya anatambasula dzanja n’kuchikhudza chipumicho.

“Chauma.”

“Manje mufuna nizinkhala nanyowa monga chule?”

“Wandinamiza, Thandazani.”

“Amama, bantu bonse bakamba ati naoneka bwino. Ndimwe mweka mwakwiya kuti mwana wanu aoneka bwino.”

Zinali zoona, ndipo n’zimene zinkawapsetsa mtima kwambiri. Kutchalitchi amayi ankamuzungulira n’kumati Mulungu ndi wamkulu. Ku ofesi anasiya kung’ung’udza. Mu Lusaka monse, munthu mmodzi yekha ndi amene ankaopa chipumi chouma, ndipo anali munthu yemweyo amene ankaopa soseji.

Ukwati unali woti uchitike mu August. Ambuya anadziuza kuti apirira, August si kutali. Koma kutatsala pang’ono, agogo ake aamuna a Kalenga anamwalira ku Mansa, ndipo akuluakulu a kumeneko anati ng’oma ya chisangalalo singalire banja likadali m’maliro. Aliyense anavomereza kuti ndi mwambo. Ambuya anakwera minibasi ziwiri.

“Ukwati wasuntha. Yambanso.”

“Basuntha chabe pang’ono. Nikayamba manje, thupi izayambanso kuzolowela, ndiye pa ukwati nizankhala pa moto weniweni.”

Maliro atatha, mvula inayamba, ndipo amake Kalenga anali atatsimikiza mtima kuti phwando likhale pa kapinga, panja, ku Woodlands. Ndani angaike alendo a ku Kabulonga m’matope? Mvula isanathe inalowa Lenti, ndipo a ku parishi ya Kalenga anati adikire Pasaka adutse. Pasaka atadutsa, kunapezeka kuti mlongo wake wa Kalenga, amene ankagwira ntchito kunja kwa dziko, sangapeze tchuthi mpaka chaka chitapita ndithu, ndipo ukwati wopanda iye sungakhale ukwati. Chifukwa chilichonse chinali chomveka. Ambuya Tryness sanaonepo zifukwa zomveka zochuluka chotere zitafola mzere kuti ziphe munthu mmodzi.

Anayesa Pearl. Mtsikanayo anawakumbatira, akununkhira mafuta a mtengo wapatali.

“Ambuya, naimwe. Amami ni bakulu, badziwa vamene bachita. Imwe ganizani chabe chitenge chamene muzavala.”

“Ndidzavala chakuda ukapitiriza kuyankha choncho.”

“Ambuya, mwaona? Ndiye chifukwa sitikuuzani vintu.”

Anayesa John. Kwa iwo chimenechi chinali chinthu cholemera, pakuti kwawo ku Katete mpongozi sumuyang’ana m’maso, ndipo za m’thupi la mwana wako sukamba naye. Koma anamudikira panja akutsuka galimoto, anakhala pa mpando patali, nkhope atalozetsa ku mpanda, n’kulankhula ngati akulankhula ndi mtengo wa mapeyala.

“Atate ake a Pearl, akazi anu asiya mankhwala.”

John anafinya nsanza nthawi yaitali.

“Nidziwa, amama. Koma mwamuona mweka. Agona bwino, adya bwino. Mu nyumba mwabwela mtendele.”

“Mtendere umenewo mwaugula ndi chiyani?”

“Nikamuuza, azakamba ati nifuna azidwala. Imwe ndimwe amai bake, amvela imwe.”

Ambuya anatsala pang’ono kutembenuka kuti amuone munthu wonena bodza lotere masana.

Pomaliza anachita chimene sanachitepo okha: anapita kuchipatala. Anatsika m’tauni, chikwama kutsogolo, osayankha aliyense, anakwera ina, anasochera m’makonde, mpaka anamupeza nesi wamfupi uja. Emmy anawakumbukira. Anati wakhala akuimba foni, ndipo nthawi zonse Thandazani amayankha kuti akumwa, ali bwino, wangotanganidwa.

“Siningamukakamize, ambuya, ni thupi yake. Koma muuzeni abwele chabe, sitizamukalipila. Benangu tibasinthila nthawi yomwela. Benangu adokotala babapasa vochepesa kupya. Kuli na bazimai banzake bakumana kuno, bonse bapita mu moto wamene uyu, bathandizana. Chamene sitifuna ni chakuti ankhale chabe kunyumba alibe chomuchingiliza.”

Ambuya anausenza uthengawo mosamala ngati dzira, akuubwereza m’minibasi kuti pasagwe liwu. Anaufikitsa wonse. Koma Thandazani anangomva chinthu chimodzi.

“Mwapeleka zina yanga ku chipatala? Mwayenda kunineneza monga mwana wa sukulu?”

“Ndapita kukafunsa njira.”

“Nani anakutumani?”

“Amene anakubala ndiye anandituma.”

Thandazani anakhala pansi. Pamene analankhulanso, mawu ake anali otsika, ndipo anasiya chinyanja cha m’tauni n’kulankhula monga ankalankhulira ali mwana.

“Amama, anandichotsa bere. Anandichotsa tsitsi. Kulikonse kumene ndapita zaka izi, ndine mayi uja wodwala. Ndikungofuna tsiku limodzi ndiime pamaso pa anthu ngati mayi wa mwana, wouma, wovala bwino, anthu ayang’ane Pearl osati ine. Tsiku limodzi. Kodi ndalakwa?”

Ambuya Tryness anaweramitsa mutu. Anayang’ana manja awo. Iwowo ndi amene anasesa tsitsi lija pansi n’kukalitaya mobisa kuti mwiniwake asalione.

“Sunalakwe,” anatero potsiriza. “Koma tsiku lako limodzilo latha chaka.”

“Kichini pati ikapita, nizayamba. Nalumbila.”

Msana unayamba kuwawa nyengo yozizira itabwereranso. Poyamba Thandazani ankangodzigwira m’chiuno akamadzuka pampando. Kenako anayamba kuika pilo kumbuyo m’galimoto. Ambuya anaziona tsiku loyamba lomwe.

“Msanawo upite nawo kuchipatala.”

“Ni mupando wa ku ofesi.”

“Upite nawo.”

“Kapena ni nsapato. Nakhala niyesa zija zazitali za pa ukwati.” Thandazani anaseka n’kuwagwira paphewa. “Mwaona, amama? Munakamba zoona. Nsapato zazitali zityola musana. Namvela, nizagula zafupi.”

Ndipo anaguladi zazifupi. Pa machenjezo onse amene Ambuya Tryness anapereka moyo wawo wonse, limene mwana wawo anasankha kumvera linali la nsapato. Anabwerera ku Chilenje tsiku limenelo akulankhula okha m’minibasi, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anasamukira kumbuyo.

Kichini pati, phwando la amayi okhaokha lopatsa mkwatibwi ziwiya ndi malangizo, inachitikira mu holo ina ku Kabwata, kutatsala sabata kuti ukwati uchitike. Amayi anadzaza, mbali ya Kabulonga ndi mawigi awo, mbali ya Chilenje ndi maduku awo. Oimba ng’oma anali atakhala pakona. Pearl anali pamphasa pakati, atafundidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi, mphatso zitaunjikana kumbuyo kwake. Ambuya anakhala pafupi ndi khomo, pakuti holo ya khomo limodzi moto ukabuka anthu amapondana.

Thandazani anali wokongola, zimenezo ngakhale Ambuya sakanakana. Tsitsi linali litamera lonse. Paudala anakhala pamalo pake. Amake Kalenga anamugwira manja onse awiri n’kunena mokweza kuti, “Bana Pearl, mwachila ndithu,” ndipo nkhope ya Thandazani inawala ngati wapatsidwa dziko.

Ndiye mlangizi wotsogolera mwambo anakuwa kuti mayi wa mwana abwere avine, aonetse kumene mwana anaphunzira. Ng’oma zinasintha. Ba Chibesa anamumanga chitenje m’chiuno n’kumukankhira pakati.

“Tiye, mulamu, baonese ba Kabulonga!”

Anavina. Anayamba pang’onopang’ono, manja m’mwamba, kenako chiuno chinagwira ng’oma, amayi n’kuyamba nthungululu. Anatsika, monga amatsikira odziwa, mawondo akupindika, anatsikabe mpaka chitenje chinakhudza simenti. Pamenepo anaima. Sanakwere.

Amayi anaganiza kuti ndi luso. Nthungululu zinakula, oimba ng’oma anawonjezera, wina anathamanga kukamupukuta nsapato ndi duku. Thandazani anagwira pansi ndi dzanja limodzi, kenako ndi lachiwiri. Ambuya Tryness anali atanyamuka kale. Kuchokera pakhomo pomwepo anali ataona chimene ena onse sanaone: chipumi chija chinali chitanyowa, madontho akuluakulu, ndipo silinali thukuta la mankhwala kapena la gule.

“Letsani ng’omazo,” anatero akukankha anthu ndi chigongono. “Letsani, mwana wanga sakuvina.”

Ambuya atagwada pambali pake, Thandazani ananong’ona osawayang’ana. “Amama, miyendo siikumva.”

Anamunyamula anthu anayi, pa chitenje chomwe chija.

Kuchipatala anamujambula, ndipo patapita masiku dokotala anawaitana John ndi Ambuya pambali pa bedi. Anati khansa yabwerera, ndipo yakhala m’mafupa a msana. Fupa limodzi linali litadyeka mpaka linaphwanyika pamene anatsika pogule paja. Anati achita zimene angathe kuti achepetse ululu ndi kuibweza m’mbuyo, mwina miyendo idzamvanso, koma kuichotseratu monga poyamba paja sizingathekenso.

John ndi amene anafunsa ngati zikanachitika mkazi wake akanapitiriza kumwa.

“Palibe angalumbire,” anatero dokotala. “Ena imabwerera ngakhale akumwa. Koma mankhwala aja ndiwo anali chitseko, ndipo chakhala chotsegula nthawi yaitali.”

Onse anayembekezera kuti Ambuya anena kuti ndinakuuzani. John anaweramitsa mutu kudikira, Thandazani anatseka maso kudikira. Mawuwo analipo, anali atafika pakhosi, onse, kuyambira tsiku la nsalu ya golide lija. Ambuya anatenga kathaulo m’chikwama, anakanyowetsa pampopi, n’kumupukuta mwana wawo kumaso.

Ulendo uno ukwati sunasunthe. Ku Kabulonga anatumiza maluwa ndi mawu achisoni, n’kufotokoza kuti makadi anagawidwa kale, mlongo wa Kalenga wafika kale, ndipo tsiku lasunthidwa kokwanira. Chinalinso chifukwa chomveka. Pearl analira m’khonde la chipatala kuti sakwatiwa, koma mayi ake anamuitana n’kumuuza kuti asachite zopusa. Mpando wa mayi wa mkwatibwi sukanakhala wopanda munthu, ndiye telala anabweza diresi la golide m’chiuno usiku umodzi, ndipo analivala ba Chibesa.

Ambuya Tryness sanapite. Loweruka limenelo anakhala pa mpando wachitsulo m’wodi ya amayi, atagwira foni ndi manja awiri patsogolo pa nkhope ya mwana wawo, pakuti Pearl anapempha mnzake kuti aziwaonetsa zonse. Chithunzi chinkagwedezeka, nyimbo zinkadukaduka. Kapinga wa ku Woodlands anali wobiriwira, kumwamba kopanda mtambo, monga momwe amake Kalenga ankafunira.

“Kwezani pang’ono, amama. Sinimuona.”

Anakweza. Thandazani anayesa kudzuka pa pilo kuti aone mwana wake akulowa, koma msana unakana, ndipo anauonera ukwatiwo chagada, thukuta likutsikira m’makutu.